Kalata yotseguka kwa akuluakulu ophunzitsa ndi kutuma maparalegal m'Malawi

Kwa akuluakulu a ku Unduna wa Zachilungamo,
Kwa oyendetsa bungwe la Legal Aid Bureau,
Kwa aphunzitsi a zamalamulo ku University of Malawi ku Zomba ndi ku Staff Development Institute ku Mpemba,
Kwa atsogoleri a mabungwe omwe si aboma amene amatumiza maparalegal ku ndende, ku polisi ndi kumidzi,

Mabwana ndi madona, ndakulonjerani nonse mwaulemu, ndipo ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi mabanja anu.

Ine si loya. Ndine mmodzi wa anthu a mumpingo amene timayendera abale athu m'ndende, ndipo kawirikawiri ndimaperekeza amayi, agogo ndi achinyamata a m'dera lathu akakhala ndi nkhani ku polisi kapena ku khoti. Malo anga ndi pa benchi, pambali pa wodandaula. Ndalemba poyera chifukwa amene nkhaniyi ikuwapweteka sadziwa kolembera, komanso akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi.

Ndiyambe ndi kuthokoza, pakuti ntchito ya maparalegal, anthu ophunzitsidwa zamalamulo amene si maloya koma amathandiza anthu wamba pa milandu, ndi imodzi mwa zinthu zomwe dziko lino linaphunzitsa maiko ena. Mu 2000 maparalegal 8 okha anayamba kulowa m'ndende za Maula, Chichiri, Zomba ndi Mzuzu pansi pa Paralegal Advisory Service, mothandizidwa ndi bungwe la Penal Reform International. Posakhalitsa Kenya, Uganda ndi Bangladesh anatengera njira yomweyo. Mu 2004 akatswiri a zamalamulo a mu Africa anakumana ku Lilongwe nagwirizana mfundo za thandizo la zamalamulo zotchedwa Lilongwe Declaration, ndipo mu 2012 bungwe la United Nations linavomereza mfundo zozindikira maparalegal ngati gawo la thandizo la zamalamulo. Koma tikumbukire chomwe oyambawo ankachita akalowa m'ndende. Sankaima kutsogolo n'kumawerenga ndime za malamulo. Ankachititsa akaidi masewero: uyu akhale majisitireti, uyu wapolisi woyimira boma, uyu woyimbidwa mlandu, ayeserere kupempha belo mpaka mantha atachoka pakamwa. Mphamvu yawo inali kudziwa kulankhula ndi munthu wosweka mtima kuti adzilankhulire yekha.

M'zaka zapitazi tamva mkangano pa pempho la Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza osauka pa milandu, loti maparalegal ake aziloledwa kuyimira anthu pa milandu ing'onoing'ono m'makhoti a majisitireti, zomwe bungwe la maloya la Malawi Law Society linatsutsa. Mbali zonse zinkakambirana za mapepala a sukulu ndi kuchuluka kwa malamulo omwe munthu waphunzira. Ine pa benchi panga ndikuona vuto lina. Maparalegal ambiri amene ndimakumana nawo malamulo amawadziwa ndithu. Chomwe chikuperewera mwa ena ndi luso lokhala ndi anthu: kumvetsera, kufotokoza momveka, kusunga chinsinsi, ulemu, kunena zoona ngakhale zili zowawa. Mwina inu mumaziona ngati za khalidwe chabe, zomwe munthu amabwera nazo kuchokera kwa makolo ake. Zikasowa, anthu amaluza milandu yomwe akanapambana, ndipo ena amagona m'ndende popanda chifukwa. Madandaulo anga ndi awa, ndipo sinditchula ofesi kapena dzina la munthu chifukwa cholinga si kuchotsetsa wina ntchito.

Choyamba ndi kumvetsera. Ndinaperekeza mayi wina wamasiye amene mwamuna wake anali telala. Atangoika maliro, achibale a malemuwo anatenga makina osokera, njinga ndi malata omwe banjalo linkasunga kuti lifolerere nyumba. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limanena momveka kuti kulanda katundu motere ndi mlandu, choncho nkhani yawo inali yolimba. Titalowa mu ofesi ina, mayiwo anakhala pampando mwa m'mphepete, manja pamiyendo, nayamba: "Ine bambo, ndinakwatiwa chaka cha njala ija..." Mnyamata wa mu ofesiyo, diso limodzi lili pa foni, anawadula: "Mayi, za njala zisiyeni. Atenga chiyani? Tchulani." Anatchula, iye analemba mndandanda, tinatuluka. Tili pa depoti m'pamene anamasula mfundo ya chitenje n'kundionetsa pepala lopindidwa kambirimbiri. Inali kalata yomwe malemuwo analemba ali m'chipatala, nasayina pamaso pa mboni ziwiri, yonena kuti makina ndi nyumba ndi za mkazi wake ndi ana. Nditawafunsa chifukwa chomwe sanaionetsere mu ofesi muja anati, "Sanandifunse, komanso ndinaona kuti ndi otanganidwa."

Munthu wa kumudzi sayamba ndi mutu wa nkhani. Amayambira patali, ndipo poyenda ulendo wautaliwo amakhala akukuyesani ngati muli woyenera kuuzidwa za kukhosi. Chenicheni chimatuluka kumapeto, nthawi zina atanena kale kuti "basi ndi zomwezo". Pabwalo la mfumu izi amazidziwa bwino: nduna zimamusiya munthu alankhule mpaka mawu amuthere, kenako m'pamene mafunso amayamba. N'chifukwa chiyani wa dipuloma alephere chomwe nduna yosapita ku sukulu imatha?

Umboni woti kumvetsera kumapulumutsa moyo muli nawo m'mafayilo anu omwe. Khoti Lalikulu litagamula mu 2007, pa mlandu wa Kafantayeni, kuti n'kosemphana ndi malamulo oyendetsera dziko kupereka chilango cha imfa mokakamiza kwa aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha, panafunika kuunikanso zilango za akaidi ambiri. Ntchitoyo itayamba mu 2015, maparalegal ndi amene anapita kumidzi kukakhala pamphasa ndi amayi a akaidiwo, mafumu, ngakhale abale a ophedwa, kufunsa za ubwana wa munthuyo, matenda a misala, njala, ndi ngati mudzi ungamulandirenso. Akaidi opitirira 150 anapatsidwa zilango zatsopano, palibe amene anabwezeredwa chilango cha imfa, ndipo ambiri anabwerera kwawo. Mayi sangakuuzeni kuti mwana wake ankadwala khunyu kapena ankayankhula yekha ngati mwalowa pakhomo pake mothamanga.

Chachiwiri ndi kufotokoza. Gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko limati womangidwa auzidwe chifukwa chake m'chinenero chomwe akumva, ali ndi ufulu wokhala chete, ndipo aonekere ku khoti pasanathe maola 48. Malamulo a kayendetsedwe ka milandu amaika malire a masiku 30 a rimandi pa milandu yozengedwa m'khoti la majisitireti ndi masiku 90 pa milandu ikuluikulu monga yakupha. Belo ya ku polisi ndi yaulere. Zonsezi n'zabwino papepala, koma zimafika kwa munthu wamba kudzera pakamwa pa paralegal, ndipo pakamwapo ndi pomwe zimatayikira.

Mnyamata wina wa m'dera lathu anagwira ganyu youmba njerwa, mwini ntchito osamulipira. Tsiku lina anatenga njinga ya bwanayo masana, anthu akuona, nati aibweza akalandira ndalama zake. Anamangidwa pa mlandu wakuba. Lamulo limasiyanitsa wotenga chinthu ndi mtima wakuba ndi amene wachitenga akukhulupirira moona kuti ali ndi ufulu wotero, kotero anali ndi poyambira kudziteteza. Koma uphungu womwe analandira pa khonde la khoti unali wa mphindi imodzi: "Ukapanga plead guilty, sentence imachepa. Wamva?" Iye anati, "Eee bwana." Majisitireti atamufunsa ngati akuvomera mlandu, anavomera, poganiza kuti akuvomera zoti njinga anaitenga. Atafunsidwa ngati ali ndi chidandaulo khoti lisanapereke chilango, anati alibe, chifukwa palibe anamuuza kuti iyi ndiyo nthawi yonena kuti n'koyamba kupalamula, kuti njinga inabwezedwa, kuti amasamalira azing'ono ake.

Mmphawi akakhala pamaso pa munthu wa tayi sayankha kuti sanamve. Amangoti "eee". Paralegal wophunzitsidwa bwino safunsa kuti "wamva?" koma amati, "Tandiuza m'mawu ako zomwe ukanene ukafunsidwa." Ndipo musaiwale kuti si Amalawi onse amene za kumtima amazinena m'Chichewa. Agogo a ku Mangochi amamasuka m'Chiyao, a ku Nsanje m'Chisena, a ku Rumphi m'Chitumbuka, a ku Karonga m'Chikyangonde. Nanga munthu wosamva akamangidwa, ndani mwa antchito anu angalankhule naye ndi manja?

Chachitatu ndi chinsinsi, ndipo apa mtima wanga umawawa kwambiri. Ndinaona mtsikana wa ku pulayimale amene anagwiriridwa akufunsidwa m'chipinda chomwe chitseko chake chinali chotsegula, benchi ya panja itadzaza, wofunsayo akukweza mawu kuti apose phokoso la pa msewu: "Ndiye anakuchita kangati?" Mwanayo anayang'ana pansi osayankhanso kanthu, ndipo amayi ake sanabwererenso ku ofesiyo. Wolakwayo akuyendabe m'mudzi. Dziko lino linakhazikitsa malo a Chikwanekwane m'zipatala ndi ma Victim Support Unit ku polisi pozindikira kuti nkhani zotere zimafuna malo obisika ndi mawu ofatsa. Paralegal ayenera kudziwa zomwezo. Palinso mafayilo osiyidwa otsegula patebulo, zithunzi za zikalata zoyenda pa WhatsApp, ndi nkhani za anthu zokambidwa mu minibasi ngati nthabwala. M'boma laling'ono simufunika kutchula dzina kuti anthu adziwe amene mukunena. Mukangoti mkazi wa mphunzitsi wa kuseri kwa msika anapezeka ndi kachilombo, mwamaliza.

Chachinayi ndi ulemu. Bambo wa imvi akavala zong'ambika, kapena akakhala pansi m'chitokosi, sasanduka "iwe". Munthu wa pa rimandi lamulo limamutenga kuti ndi wosalakwa mpaka khoti litagamula. Agogo othamangitsidwa m'mudzi powanamizira ufiti akafika kwa inu, lamulo la 1911 lili kumbali yawo, pakuti limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti. Koma ndinaonapo wowathandiza akukankhira mpando wake kumbuyo, kuopa kuwagwira dzanja. Agogowo anaona.

Chachisanu ndi malonjezo. Mawu akuti "musadandaule, mawa atuluka" ndi okoma kunena, ndipo amachotsa munthu wolira pakhomo pa ofesi mwachangu. Koma paralegal si majisitireti. Banja limamva lonjezolo, ligulitsa nkhuku kapena ndowa ya chimanga kuti lipeze thiransipoti, libwera ndi zovala zoti m'bale wawo avale potuluka, n'kupeza kuti mlandu wayimitsidwa chifukwa fayilo sinafike kapena galimoto ya ku ndende inalibe mafuta. Mnzake wa lonjezoli ndi "bwerani mawa". Wonenayo amakhala pafupi ndi ofesi, womvayo wachokera mtunda wa kabaza ndi minibasi ziwiri. Foni yongouza munthu kuti asavutike kubwera lero ingapulumutse chakudya cha ana cha sabata yathunthu. Anthu athu amapirira uthenga woipa akauzidwa moona ndi mwachifundo. Chomwe chimawathetsa mphamvu ndi kusadziwa pomwe nkhani yawo yafika. Ndipo pamene palibe wowauza zoona, pamabwera akamberembere oyendayenda pa makhoti amene amati "mundipatse kangachepe ndikaonane ndi abwana", dzina la maparalegal onse n'kuipa nalo.

Chachisanu ndi chimodzi chikukhudza kuyanjanitsa anthu komanso kakhalidwe ndi maofesi ena. Kuyanjanitsa kumidzi kwathandiza kuti mikangano ya malire a munda, ngongole ndi mbuzi zodya mmera isafike ku polisi, ndipo ndikuyamikira. Koma woyanjanitsa ayenera kudziwa pomwe kuyanjanitsa kumathera. Mayi wobwera ndi diso lotupa kachitatu sakufunika kumva kuti banja ndi kupirira, mawu omwe ankhoswe anamuuza kale. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 limamupatsa mwayi wopempha khoti kuti limuteteze. Nkhani yogwiririra mwana siyothera pa mbuzi kapena ndalama, ngakhale a mfumu atafuna kuti ithere pakhomo. Kuuza a mfumu kuti "Zikomo gogo chalo, nkhani iyi yakula, siya pabwalo pano" popanda kuwachititsa manyazi pamaso pa anthu awo ndi luso, ndipo luso limaphunzitsidwa.

Chimodzimodzi ku polisi ndi ku ndende. Maparalegal oyamba aja analoledwa kulowa chifukwa anagwirizana ndi akuluakulu a ndende malamulo a kakhalidwe, nawasunga. Wofika pa kauntala akukalipa za ufulu wachibadwidwe amapeza kuti fayilo yasowa ndipo woyang'anira watuluka. Wozolowerana ndi apolisi mopitirira muyeso amayamba kuona womangidwa ndi maso a wapolisi. Pakati pa awiriwa pali munthu amene amalonjera bwino, nakumbutsa modekha kuti maola 48 akwana, nabweranso madzulo kudzafunsa. Ndi munthu wotere amene amatha kutsimikizira wapolisi kuti mnyamata wamtali ali m'chitokosiyo ndi mwana, n'kuyenda kukasaka makolo ake ndi buku la ku sikelo, kuti lamulo la chisamaliro ndi chilungamo cha ana la 2010 ligwire ntchito, mwanayo asagone ndi akuluakulu.

Mabwana ndi madona, ndisaoneke ngati ndikuunjika zonse pamutu pa anyamata ndi atsikana amenewa. Ambiri ndi anthu abwino amene atopa. Mu 2009, pa mlandu wa Gable Masangano, khoti linanena kuti kuthithikana kwa m'ndende zathu ndi nkhanza, nililamula boma kuti lichepetse kuthithikanako ndi theka m'miyezi 18. Amene amalowa m'ndendemo akudziwa momwe zilili mpaka lero. Paralegal amapuma mpweya umenewo m'mawa, masana amva za mwana wogwiriridwa, madzulo mayi wofedwa amulirira paphewa, ndipo palibe womufunsa kuti zikukuyendera bwanji. Ena sadziwa ngati ntchito ipitirira thandizo la mabungwe akunja likatha. Mtima ukalandira zotere tsiku ndi tsiku umachita ngati chikhatho cha mlimi, umamera zikang'a kuti usamve kuwawa.

Komanso muone zomwe mumawawerengera. Malipoti anu amafunsa kuti mwezi uno waonana ndi anthu angati, wachititsa misonkhano ingati. Safunsa kuti mwa anthuwo ndi angati anatuluka akudziwa chochita. Mnyamata amene anadula mawu mayi wamasiye uja ankathamangira chiwerengero chomwe ofesi yake inamuikira. Mukamawerenga mitu yokha, adzakubweretserani mitu.

Choncho ndikupempha izi:

1. Sukulu zonse zophunzitsa maparalegal ziike phunziro la kafunsidwe ndi kamvetseredwe ka anthu ngati phunziro lokakamiza, lokhala ndi mayeso ake. Mayesowo asakhale olemba okha. Wophunzira akhale pamaso pa munthu woyeserera kukhala mayi wamasiye, mwana wamantha kapena mkaidi wokwiya, aphunzitsi akuonerera. Wolephera apa asalandire pepala, ngakhale atakhoza malamulo onse.

2. Mayeso ena achitike m'zinenero zathu. Wophunzira afotokoze belo, kuvomera kapena kukana mlandu, ndi chidandaulo m'Chichewa kapena chinenero cha komwe akagwire ntchito, popanda liwu la Chingerezi, kwa munthu amene sanapite patali ndi sukulu. Potumiza anthu m'maboma muziyang'ana chinenero chomwe amalankhula, ndipo mugwirizane ndi bungwe la anthu osamva la MANAD kuti m'chigawo chilichonse mukhale odziwa kulankhula ndi manja.

3. Ofesi iliyonse ikhale ndi malo okambirana nkhani mobisika. Ngati chipinda palibe, ngakhale pansi pa mtengo kutali ndi benchi. Mwana ndi mayi wochitidwa nkhanza azifunsidwa ngati akufuna kulankhula ndi wamkazi.

4. Pakhale malamulo amodzi a kakhalidwe a maparalegal onse, a boma ndi a mabungwe, onena za chinsinsi, ulemu, malonjezo ndi kusalandira kanthu. Amasuliridwe, apachikidwe pakhoma pomwe anthu amadikirira, ndipo awerengedwe pa wailesi za m'madera.

5. Mutipatse kodandaula. Lero munthu akanyozedwa ndi womuthandiza amangopita kwawo, poopa kuti akalankhula fayilo yake ikwiriridwa. Pakhale nambala ya foni yaulere kapena munthu wapadera, wosakhala wa mu ofesi yomweyo, ndipo wodandaula aziyankhidwa.

6. Paralegal watsopano ayambe wayenda miyezi ingapo ndi wakale wodziwika ndi khalidwe labwino. Ena mwa amene anagwira ntchito ya m'ndende kuyambira zaka za m'ma 2000 ndi amene anayenda m'midzi pa milandu ya Kafantayeni alipo. Aitaneni aphunzitse asanapume. Oyang'anira nawonso azikhala nawo pa zokambirana zina, mwini nkhani atavomera, m'malo mongowerenga malipoti.

7. Samalirani antchito anu. Apatseni aphungu oti azikambirana nawo zomwe amaona, mayunitsi a foni oti aziyimbira anthu, ndi chiwerengero cha milandu chomwe munthu mmodzi angathe. Pa mafomu a malipoti muwonjezere funso lopita kwa wothandizidwayo: kodi mwamva chomwe chichitike pa nkhani yanu, ndipo anakulandirani bwanji?

Zambiri mwa izi sizifuna kusintha lamulo ku Nyumba ya Malamulo kapena kudikira thandizo lakunja. Pempho lachitatu lingayambe Lolemba likubwerali. Ndikupempha kuti yankho lanu lisabwere m'Chingerezi pa msonkhano wa ku hotela, koma pa wailesi, m'zinenero zomwe eni nkhaniyi amamva, mutiuze kuti mwa zisanu ndi ziwirizi mwavomera ziti ndipo muyamba liti. Kwa inu owerenga amene munakumanapo ndi zotere, kapena amene paralegal wina anakuthandizani bwino, tumizani kalatayi kwa phungu wa dera lanu ndi ku ofesi ya zamalamulo yomwe muli nayo pafupi, muwonjezerepo nkhani yanu.

Ndine wanu mwaulemu,
Mmodzi wa operekeza anzawo ku khoti